Uyambire pa Chimbale Chachitatu

Lachisanu, mwezi wa Julayi, tsiku lachitatu chiikireni Agogo m'manda.

Lero ndadzuka ndi mkwiyo, ndipo sindikudziwa bwinobwino amene ndamukwiyira. Nsagwada zikundipweteka ngati ndimakukuta mano kutulo. Tenti ya maliro aichotsa dzulo. Panja patsala phulusa pamene azibambo ankaotha moto, ndi mipando ya pulasitiki ya kutchalitchi imene eni ake sanabwere kudzatenga.

Mawa masana agawa katundu wa Agogo Sakala, bambo awo a amayi anga. Akuluakulu amene abwera kuchokera ku Katete anena kale lamulo: ana atenga zikuluzikulu, ndipo ife adzukulu aliyense aloza chinthu chimodzi. Chimodzi chokha. Zimene palibe waziloza, Amalume Jowelo, mwana woyamba wa Agogo, ndiwo aone chochita nazo. Tonse tikudziwa chimene adzachite ndi zimbale zisanu za nyimbo zimene zili m'bokosi lamatabwa kunsi kwa bedi. Anagula kale palafini. Botolo lake ndaliona kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Asuweni anga akulimbirana njinga, jekete lachikopa ndi nsapato za kufakitale. Zimbale palibe akuzifuna kupatula ine, ndipo ndingapulumutse chimodzi basi. Ndiye ndati ndilembe za Agogo, mwina polemba ndidziwa choloza.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata, wopanda chala chimodzi kudzanja lamanzere. Chalacho chinatsala m'makina a fakitale ya nsalu, kumene anagwira ntchito yokonza makinawo kuyambira pamene anatsika lole yochokera ku Katete ali mnyamata mpaka fakitaleyo itaima. Ukawapatsa moni ankangokweza chibwano. Mu Estates monse, komboni yathu ino, ankadziwika ndi zinthu ziwiri, nkhonya ndi nyimbo, ndipo nyimbozo zinali za gulu limodzi lokha: Chiphaliwali, anyamata anayi a Kumigodi amene ankaimba nyimbo za magitala aukali, zija amati roko, m'zaka zimene Agogo ankavala mathalauzi otambalala kumapazi. Anawaona maso ndi maso kamodzi kokha, mu holo ya kuno ku Kafue. Ankati tsiku limenelo anatuluka khutu lina litagontha, malaya atang'ambika, ndipo sanadandaulepo.

Zimbalezo sankazitchula maina. Ankazitchula malinga ndi mtundu wa chikuto, kapena malo ake pamndandanda: choyera, chofiira, chobiriwira, chachinayi ndi chachisanu. Ndipo anali ndi chiphunzitso chawo pa zimenezi, chimene ankachigwira kuposa mmene anthu ena amagwirira Malemba.

Ankanena kuti munthu wongoyamba kumene asayambire pa choyamba, choyera chija. M'menemo anyamatawo anali akadali ndi mantha, akutsanzira azungu, akuimba Chingerezi ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ukayambira pamenepo useka, ndipo munthu amene waseka sabwereranso. Asayambirenso pa chofiira, ngakhale ndicho chinatchuka m'mabala onse a m'mbali mwa njanji. M'menemo gitala imalira ngati chitsulo chikuchekedwa, ng'oma ngati anthu akugwetsa chitseko, ndipo woyambira pamenepo amaganiza kuti anyamatawo ankangodziwa kukalipa. Poyambira ndi pa chachitatu, chobiriwira. Pofika pamenepo anali atayamba kuimba m'chinenero chathu, woimba ng'oma anali ataphunzira kudikira, ndipo gitala inkakalipa pokhapokha pali chifukwa. Ukachidziwa chachitatu ndiye upite ku chofiira, kenako ubwerere ku choyera ukaone kumene anachokera. Chachisanu, chimene anajambula atatsala awiri okha, ankati n'chomvera munthu amene anaikapo mnzake m'manda. Chachinayi ungachimvere ngati kukugwa mvula ndipo ulibe kopita.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankalimba mtima kuwatsutsa: Ba Chanda, msodzi wa ku Chanyanya, Mubemba, amene anali mnzawo kwa zaka zoposa makumi anayi. Popeza ife akummawa ndi Abemba tili pachibale chonyozana, awiriwo sankalankhulana mawu abwino. Nkhani ya dzino la Ba Chanda aliyense amaidziwa. Linali Loweruka masana, pa bala ina pafupi ndi msika, ine ndisanabadwe. Bambo wina wogwira ntchito kunjanji anamva Chiphaliwali pawailesi, n'kufunsa kuti kodi munthu wofuna kuwadziwa agule chimbale chiti.

"Choyamba," anatero Ba Chanda. "Mwana ayamba na kukwawa."

"Ndiye chifukwa chake iwe ukali kukwawa mpaka manje," anayankha Agogo. "Munthu wodya nyani angadziwe chiyani za gitala?"

"Nanga wodya mbewa? Makutu yako yanadzala ulusi wa mu fakitale, Sakala."

Zikanathera pomwepo, koma Ba Chanda anawonjeza kuti chachitatu ndi nyimbo zogonekera ana. Agogo anawamenya ndi mpando. Ba Chanda anadzuka ndi botolo, n'kuwang'amba nalo pamwamba pa diso. Anagubuduzana mpaka panja, m'fumbi, kugwetsa tebulo la mayi wogulitsa mazira owiritsa, ndipo anthu atawalekanitsa, dzino la Ba Chanda linapezeka mu ngalande. Wofunsa uja anali atathawa kalekale, wopanda yankho. Mawa lake Ba Chanda anabwera pa njinga kuchokera ku Chanyanya, milomo ili yotupa, nsomba zili pakaliyala. Anakhala pansi, namvera chachitatu mbali zonse ziwiri osalankhula. Chitatha anati, "Chabwino. Koma choyamba."

Kumanda Lachiwiri, Ba Chanda atatha kutipaka ufa kumaso monga amachitira Abemba pamaliro athu, anaima m'mphepete mwa dzenje n'kufuula kuti, "Sakala, kawalala iwe! Wayenda na dzino langa!" Anthu anaseka. Kenako nkhalambayo inakhala pansi pa mulu wa dothi, ndipo panafunika amuna awiri kuti aidzutse.

Ine nkhani ya dzino ndinkaiseka kuyambira ndili wamng'ono. Ndinkaona ngati nkhonya za Agogo zinali za nthabwala.

Anandiyambitsa zimbale ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Nthawi imeneyo nthiti zawo zinali zomanga ndi bandeji, moti sankatha kuwerama kuti afike pa lediyogiramu, chiwailesi chamatabwa chija chokhala ndi poimbira zimbale. Ndinabwera ndi chakudya chawo chamasana, iwo n'kuti, "Esinati, samba m'manja. Na sopo." Anandionetsa kagwiridwe ka chimbale chobiriwira, m'mphepete mokha, ndi kapukutidwe kake, mozungulira, ndi kansalu kachikasu. Anandiuza kuti ndiuzire singano kamodzi, ndiike kanati kakang'ono kachitsulo pamwamba pa mkono wake kuti isamadumphe. Malamulo anali atatu: ukhale pansi, usadye kanthu, usalankhule mpaka mbali ithe.

Chobiriwiracho n'chobenthuka m'mphepete, malo aakulu ngati chala chachikulu, choncho singano umaiika pa nyimbo yachiwiri. Yoyamba sindinaimvepo, Agogo ankangoiimba ndi mluzu. Yachiwiriyo imayamba ndi ng'oma yokha, pang'onopang'ono, ngati sitima ya katundu ikadali kutsidya kwa mlatho. Kenako mawu a mwamuna, osakweza, ngati akulankhula ndi munthu amene ali naye pafupi. Ndinadikira gitala mpaka ndinaiwala kuti ndikuidikira, kenako inalowa. Ndinayang'ana Agogo. Anali atatsinzina, dzanja lopanda chala lija likuyenda pabondo.

"Wamva?" anandifunsa mbaliyo itatha.

"Namva, Agogo."

"Wamva chiyani?"

"Anali kudikira."

Anakweza chibwano. Kwa iwo kumeneko kunali kundipatsa mphoto.

Kuyambira pamenepo ndinkapita Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi. Zaka zinayi, chimbale chimodzi. Ndikapempha chofiira ankati makutu anga sanakhwime. Chaka chatha ndinawakakamiza, ndikuti ndafika Giredi 10 ndipo malinga ndi chiphunzitso chawo chomwe nthawi yakwana. Anangonena kuti chija sichidzaliranso m'nyumba muno. Sanafotokoze.

Tsopano ndilembe za kubenthuka kuja ndi nthiti zija, chifukwa ndinalipo.

Linali Loweruka masana, milungu itatu asanandiyambitse. Ndinali pakhonde pawo ndikuchapa yunifolomu. Amalume Jowelo, amene anali atangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, anafika ndi abambo awiri ovala malaya oyera ndi mataye. Kwa miyezi ingapo anali akunena kuti mavuto a m'banja mwathu, matenda ndi kusowa ntchito, akuchokera m'bokosi lija.

"Atate, tabwera kutenga vimbale vija. Lelo vipsa."

Agogo anali pampando, akukonza pampu ya njinga. Sanadzuke. "Wabwera na asilikali?"

"Tabwera m'dzina la Yesu."

"Yesu nimudziwa. Awa a mataye siniwadziwa. Chokani pakhomo panga."

Amalume analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula bokosilo. Sindinaone nthawi imene Agogo anatola sipanala. Ndinangomva kulira kwake pa mkono wa Amalume, ngati nkhuni youma ikuthyoka. Bokosi linagwa, zimbale n'kumwazika pamasitepe, chobiriwira n'kubenthuka m'mphepete. Mmodzi wa abambo aja anawagwira Agogo chakumbuyo, koma iwo anamugunda ndi nkhongo pamphuno, magazi n'kutsikira pamalaya oyera aja mpaka pa lamba. Winayo anathawira kuseri kwa mpanda akupemphera mokweza.

Kenako Amalume, ndi dzanja limene linatsala, anawamenya bambo awo chibakera pakamwa.

Anthu a mumzere wathu anali atatuluka kale kudzaonerera, ena akuseka, chifukwa ndewu za Ba Sakala anazizolowera. Koma apa kuseka kunatha. Agogo anagwera pa sitepe. Amalume anawaponda m'nthiti, kamodzi, kawiri, katatu, ndipo zimene ankafuula sizinali za ziwanda ayi.

"Kwezani volyumu manje! Kwezani! Kwezani anthu asamve!"

Agogo sanatchinge mutu wawo. Anakwawa ndi zigongono, magazi akutuluka m'kamwa, n'kukagona chafufumimba pamwamba pa zimbale zija, kuzikokera pansi pa chifuwa ngati nkhuku ndi anapiye ake. Amalume anakweza phazi kachinayi, koma sanalitsitse. Analiyang'ana phazilo ngati la munthu wina. Kenako anakhala pansi m'fumbi, atagwira mkono wothyokawo, n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana wamng'ono. Madzi a m'beseni langa anali atafiira, sindikudziwa kuti ndi magazi a yani.

Anapita kuchipatala pa galimoto imodzi, kumbuyo kwa vaneti ya a neba, wina kuyang'ana uku wina uko. Kupolisi palibe anapita. Kuchokera tsiku limenelo Agogo sanamenyenso munthu, ndipo awiriwo sanayandikanenso mpaka Lachiwiri, pamene Amalume ananyamula bokosi la maliro kutsogolo, mbali ya kumutu.

Mawu aja a volyumu ndinakhala nawo zaka zinayi osawamvetsa. Ndawamvetsa dzana, Lachitatu, ndikukwecha mapoto a pamaliro ndi amayi anga kuseri kwa nyumba.

"Amama," ndinatero, "nanga nikaloza chofiira? Sininachimvepo."

Anasiya kukwecha. "Ine n'nachimva. Ine na Jowelo tichidziwa kuyambira koyamba mpaka kothera."

Anandiuza ali chiweramire, osandiyang'ana. Ali ana, bambo awo akabwera kuchokera ku bala Loweruka, nthawi zina ankalowa mwakachetechete, n'kutseka mawindo onse dzuwa likadali pamwamba. Akatulutsa chofiira n'kupotoza kabatani ka volyumu mpaka kumapeto, ana ankadziwa. Nyimbozo zinali zoti aneba asamve kulira kwa Agogo aakazi. Ankawamenya ndi lamba wa makina amene anabwera naye kuchokera kuntchito, wakuda, wokhala ndi ulusi m'kati. Amayi ndi Amalume ankabisala kunsi kwa tebulo, akuwerenga nyimbo, chifukwa mbali imodzi ili ndi zinayi. Yachinayi ikatha, Agogo ankasiya, kupukuta m'manja, n'kupita kukatembenuza chimbale, kuchigwira m'mphepete mokha. Amayi akuti nthawi imeneyo ndiyo inali yoopsa kwambiri, chifukwa m'nyumba munkakhala chete ndipo ankamva mayi awo akupuma. Tsiku lina Amalume, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anatuluka kunsi kwa tebulo n'kuzula waya kukhoma. Agogo anawakwapula ndi waya womwewo. Zipsera zake zikadalipo kumsana, n'chifukwa chake savula malaya ngakhale polima.

Agogo aakazi anabwerera ku Katete amayi ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo anamwalirira komweko ine ndisanabadwe. Ine ndinkauzidwa kuti nyengo ya kuno sinkawayanja.

"Nanga chachitatu, Amama?"

"Chija sitinachimvepo. Anali kumvera okha, olo na Ba Chanda. Ise tinali kuthamangitsidwa panja." Anathira madzi mumphika, n'kuwonjeza kuti, "Uloze chamene ufuna, mwana wanga. Koma chofiira chisalowe pakhomo panga."

Ndakhala ndi zimenezi masiku awiri. Munthu amene anagulula mnzake dzino kuti mlendo wa pa bala asayambire polakwika, ana ake enieni anawayambitsira pa chofiira. Sindikulemba izi kuti ndiwayeretse. Sanapepese kwa aliyense, ndipo amene anayenera kumva kupepesako anagona ku Katete kalekale. Komanso sindinganame kuti sindinkawakonda. Ine sanandikwezerepo dzanja. Ine anandipatsa chobiriwira, ndipo ndikuganiza tsopano kuti ankadziwa bwino lomwe chimene ankandibisira. Aphunzitsi athu amati munthu ukamulemba uzimulemba yense. Ndayesa. Sakukwana bwino papepala.

Madzulo ano ndinalowa m'chipinda chawo chochezera, anthu onse ali panja. Mpando wawo anautulutsa tsiku loyamba la maliro kuti azimayi apeze pogona, ndipo sunabwerere. Pakhoma patsala banga lakuda, lozungulira, pamene mutu wawo unkatsamira. Pansi, polishi wofiira anatha pamalo amodzi, patsala simenti yotuwa, pamene chidendene chawo chinkagunda. Lediyogiramu aiphimba ndi chitenje ndipo pamwamba pake aikapo makapu. Imeneyo ailonjeza kale kwa amayi aang'ono a ku Shimabala, akuti azisungiramo mbale zadothi, ndipo galimoto yoinyamula ibwera akangotha kugawa. Ndiye kuti mawa m'mawa ndi nthawi yomaliza imene chimbale ndi choimbira chake zidzakhale m'chipinda chimodzi. Ndinaima pamalo otuwa paja kanthawi. M'chipindamo mukununkha utsi ndi mabulangete a anthu ena.

Ndaganiza chochita. Mawa nthawi ya tiyi, Amalume akakhala m'chipindamo ndi akuluakulu a ku Katete, ndidzasamba m'manja, ndidzachotsa makapu ndi chitenje, ndidzatsegula mawindo onse. Ndidzaika chachitatu, motsitsa, pa nyimbo yachiwiri. Ndikudziwa kuti m'nyumba ya maliro saimbamo zotere, ndipo ndikudziwa zimene dzanja la Amalume lingachite, ndinaliona. Ndidzagwada monga mwa ulemu, ndidzati, "Amalume, mbali imodzi chabe. Ichi simunachimvepo." Chikafika masana chili chamoyo, ndicho ndidzaloze. Chofiira sindidzachipempherera, ndipo ngati amayi afuna machesi ndidzawapatsa ndine. Koma chachitatu, ngati Amalume achiphwanye, achiphwanye atachimva.